KWA AMENE ALI KULIRA GOLI LA MPWITIKIZI: TSEGULANI BUKU LA MOZAMBIQUE

Abale ndi alongo a m'makomboni, anchito a m'migodi, a m'mafakitale, a pa njanji ndi a m'misika, tamverani.

Kwabuka mau oipa pakati pathu. Tiwamva m'mabasi, tiwamva m'nyumba za mowa, ndipo ena ovala mataye ali kuwanena m'Cingerezi cosalala. Mauwo ndi awa: "Taonani a ku Mozambique. Anapitikitsa Apwitikizi, nanga anapindula ciani? Nkhondo, njala ndi ngongole. Mpwitikizi sanali ngati Mbunu. Analibe tsankho, anali kudya ndi munthu wakuda mbale imodzi. Akadamleka, bwenzi lero dziko lija liri la mwana alirenji." Akatha kunena izi amatembenuka nati, "Ngakhale kuno kwathu, kodi sikunali bwino nthawi ya Azungu?"

Apo ndi pamene pagona nkhani. Munthu wonyoza ufulu wa mnansi wako ali kunola mpeni wodzadulira ufulu wako. Cifukwa cace sitikhala cete. Ena a ife tinagwirako ukalaliki pa mgodi, ndipo nchito ija inatiphunzitsa kanthu kamodzi: bwana akati "ndakusunga bwino", usayang'ane pakamwa pace, tsegula buku la malipiro. Tiyeni tsono titsegule buku la Mpwitikizi, tiwerenge pamodzi.

DZIKO NDI ENI ACE

Mozambique ndi dziko loposa Zambia pang'ono kukula kwace, ndipo anthu ace aposa mamiliyoni 30. Latambalala m'mbali mwa nyanja yamcere makilomita pafupi-fupi 2,500, kuyambira ku mtsinje wa Rovuma m'malire a Tanzania kufikira kumwera kwa Maputo. Zambezi wathu yemwe, wobadwira kuno kwathu ku North-Western, akatsazika Zambia pa Luangwa amalowa m'Mozambique pa Zumbo, napyola Tete ndi Sena kufikira atathira m'nyanja. Dziko liri ndi madoko atatu akuru: Maputo, Beira ndi Nacala. Ku Zambézia kuli minda ya ngole ndi tiyi wa ku Gurué. Ku Nampula kuli mitengo ya kashu. M'zigwa za mitsinje muli nzimbe ndi mpunga. Ku mapiri a Angónia kuli cimanga ndi mbatata ya kacewere. Pansi pa nthaka ya Moatize pali malasha, ku Montepuez kuli miyala ya mtengo wapatali, ndipo pansi pa nyanja ku Cabo Delgado pali gasi wambiri. Mulungu sanalimane dziko ili.

Nanga eni ace ndani? Amakua ndiwo ocuruka koposa. Palinso Alomwe, Ayao, Amakonde, Asena, Anyungwe, Andau, Ashangani ndi Achopi. Ndipo ku Tete ndi ku Niassa kuli Acewa, Ansenga, Angoni ndi Anyanja, olankhula cinenero comwe muli kuwerengaci. Amene ati dziko lija ndi "la Cipwitikizi" adziwe kuti pa kalembera wa 2017 amene anayamwa Cipwitikizi ku bere la amai ao sanafike mmodzi mwa asanu. Enawo amalota m'zinenero za makolo ao.

Likuru lakale la Kalonga Gawa Undi linali ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Mpando unasamukira kuno m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero mafumu a Acewa a ku Mozambique amadza ku Mkaika, ku Katete, kudzalamba mu August pamodzi ndi a ku Malawi ndi a kuno. Angoni a Zwangendaba anaolokera Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835, tsiku limene dzuwa linada. Malire amene atilekanitsa analembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, atatha kukanganirana dziko la eni ace monga afisi pa nyama. Palibe mfumu ya Acewa imene inafunsidwa. Mzere unadula munda pakati, manda kwina mudzi kwina. Tsono munthu wa ku Chifunde kapena ku Macanga akafika ku Chawama kapena ku Chiwempala, amene amuchula mlendo ali kulemekeza pensulo ya Mzungu koposa mwazi wa amai ace.

TSAMBA LOYAMBA: UKAPOLO NDI MAKAMPANI

Vasco da Gama anafika pa cisumbu ca Mozambique mu 1498. Mbendera ya Portugal inatsitsidwa mu 1975. Werengani nokha: zaka 477. Zoona, m'kati mweni-mweni mwa dziko anayamba kulamulira ndi mphamvu m'zaka za m'ma 1890, koma m'mbali mwa nyanja ndi m'cigwa ca Zambezi anakhalamo zaka mazana. Anadzafuna golide ndi minyanga, ndipo pambuyo pace anagulitsa anthu. Mu 1794 combo cochedwa São José cinamira pafupi ndi Cape Town citanyamula akapolo oposa 400 ocokera ku Mozambique, pa ulendo wa ku Brazil. Cimeneco ndi combo cimodzi cabe mwa zambiri. M'cigwa ca Zambezi anagawana minda yaikuru yochedwa prazo, ndipo eni ace anasunga magulu a nkhondo a Acikunda. Agogo a ku Luangwa ndi a ku Petauke sanaiwale maina a Kanyemba ndi Matakenya, amene anali kutentha midzi ndi kugwira anthu ndi mfuti zocokera ku Zumbo.

Eni dziko sanangopinda manja. Mfumu Ngungunyane ya ku Gaza inagwidwa mu 1895, nifera kutali pa zisumbu za Azores mu 1906. Mu 1917 a ku Barué anauka cifukwa ca kukokedwa ku nchito ya mseu ndi ku nkhondo ya Azungu, ndipo mitundu ya m'cigwa ca Zambezi, Acewa ndi Ansenga omwe, inagwirizana nao. Anagonja, koma sanagonje opanda kumenya.

Ndipo taonani cimene Mpwitikizi anacita ndi dziko atalilanda. Popeza Portugal mwini anali wosauka pakati pa maiko a ku Ulaya, anabwereketsa zigawo zathunthu kwa makampani, monga munthu abwereketsa nyumba. Companhia de Moçambique inalamulira Manica ndi Sofala kufikira 1942, ndi apolisi ace, msonkho wace ndi ndalama zace. Companhia do Niassa inagwira kumpoto kufikira 1929. Cuma ca makampaniwo cinali ca Angerezi, Afalansa ndi ena. Ife amene makolo athu analamulidwa ndi British South Africa Company kufikira 1924, ndi amene tinaona kampani yomweyo iri kudya msonkho wa mkuwa wathu kufikira 1964, tidziwa bwino fungo la boma la kampani.

TSAMBA LACIWIRI: CIBALO, THONJE NDI JONI

Lamulo la nchito la 1899 linanena kuti munthu wakuda ali yense ali ndi udindo wa kugwira nchito. Mwamuna wosatha kuonetsa m'citupa cace kuti wagwirira Mzungu miyezi isanu ndi umodzi pa caka anali kugwidwa, natumizidwa ku minda ya nzimbe, ku doko, ku njanji kapena ku mseu. Ici ndico cibalo. Bwana wofuna anchito anali kungouza chefe de posto, chefe nauza mfumu yoikidwa ndi boma, mfumu nitulutsa anthu, apolisi acikuda ochedwa sipaio nawamanga usiku. Wokana anali kulandira palmatória, imene akwathu amati mbalamatodya: thabwa loboola-boola lomenyera m'zikhato kufikira manja atatupa ndi kucuca mwazi. Akazi ndi ana omwe anali kukonza miseu opanda malipiro.

Kuyambira 1938 kufikira 1961 kunali thonje lokakamiza. Mabanja mazana a zikwi anapatsidwa ndime ya thonje ndi lamulo, ngakhale pa nthaka yosayenera. Ogula anali kampani imodzi m'dera liri lonse, mtengo nuikidwa ndi boma, wotsika, kuti mafakitale a nsaru a ku Portugal apeze thonje locipa. Nthawi yopalira mapira ndi cimanga inathera m'thonje, nkhokwe nizikhala zopanda kanthu. Kodi ana amadya thonje? Ndico cifukwa cace anthu zikwi-zikwi anathawa usiku kulowa m'Nyasaland, m'Tanganyika, m'Southern Rhodesia ndi kuno ku Eastern Province. Funsani mtima wanu: maiko a Angerezi anali ndi msonkho, citupa ndi tsankho. Munthu wothawira ku moto wotere, kwao anasiya moto wotani?

Tsono tifike pa nkhani imene anchito a m'migodi adzaimvetsa msanga. Boma la Apwitikizi linapangana ndi South Africa kuti Wenela ilembe amuna a kumwera kwa Mozambique kupita ku migodi ya golide ya ku Joni. Zaka zambiri amunawo anali ngati 100,000. Pa mutu uli wonse boma linali kulandira ndalama. Pangano la 1928 linanenanso kuti pafupi-fupi theka la katundu wa pa nyanja wolowa m'dera la migodi la Transvaal lidzere pa doko la Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo. Anthu kusinthana ndi katundu! Ndipo gawo lina la malipiro a wanchito silinali kuperekedwa m'manja mwace ku Joni. Linali kusungidwa kuti akalandire pobwerera kwao. Ndalama zosungidwazo South Africa inali kuzipereka ku boma m'golide, pa mtengo wakale wokhazikika. Mtengo wa golide utakwera, boma linali kumgulitsa pa msika wa dziko lonse, wanchito nalandira mapepala a escudo. Mapapo odzala pfumbi anali a Mshangani, phindu linali la Lisbon. Kalaliki ali yense amene anagwirapo buku la malipiro adziwa dzina la kacitidwe kotere. Ndi kuba kolembedwa ndi inki.

TSAMBA LACITATU: "ANALIBE TSANKHO"

Bodza ili liri ndi mwini wace. Salazar, amene analamulira Portugal ndi dzanja lacitsulo kuyambira 1932 kufikira 1968, ataona kuti maiko ayamba kudzudzula utsamunda, anasintha dzina mu 1951 nati Angola ndi Mozambique si maiko olandidwa koma "zigawo za Portugal za kutsidya kwa nyanja". Caka comweco boma lace linaitana wolemba mabuku wa ku Brazil, Gilberto Freyre, kuti ayendere maikowo. Ciphunzitso ca Freyre cinali cakuti Mpwitikizi ali ndi mtima wina, wosanganikirana ndi anthu a m'maiko otentha popanda tsankho. Boma linacitenga ciphunzitsoco nilicifalitsa ponse-ponse. Amene ali kucibwereza lero m'mabasi a ku Lusaka ndi ku Kitwe sadziwa kuti ali kugwira nchito ya Salazar opanda malipiro. Cibalo cina cimeneco!

Nazi zimene ziri m'buku. Kufikira 1961 lamulo linagawa anthu pawiri: nzika ndi indígena. Munthu wakuda wofuna kukhala nzika anayenera kukhala assimilado: alankhule ndi kulemba Cipwitikizi, aleke miyambo ya makolo ace, akhale ndi nchito yokwanira, ndipo boma likhutire kuti akhala monga Mzungu. Atatero anali kulandira kalata yoyenda nayo m'thumba, yonena kuti iye tsopano ndi munthu. Mzungu wotsika m'combo, ngakhale wosadziwa kulemba dzina lace, sanali kufunsidwa kalata yotere. Pa kalembera wa 1950, mwa anthu oposa mamiliyoni asanu ndi theka, ma assimilado sanafike 5,000. Ndiko kuti mwa anthu cikwi, mmodzi yekha ngakhale iyeyo wosakwanira. Khomo lotere ndi la singano.

Sukulu za ana acikuda zinaperekedwa kwa amishoni a Katolika m'pangano la 1940, ndipo maphunziro ace anachedwa "a ciyambi": katekisimu, Cipwitikizi pang'ono ndi khasu m'munda wa mishoni. Sukulu yaikuru yoyamba inatsegulidwa mu 1962, ndipo inadzala ndi ana a Azungu. Pofika 1975, anthu asanu ndi anai mwa khumi sanali kudziwa kuwerenga. Ife tidandaula kuti Angerezi anatisiyira anthu ngati 100 okha a madigiri mu 1964, ndipo tiyenera kudandaula. Koma mnansi wathu anasiyidwa m'dzenje lakuya koposa.

Ena amati, "Nanga Eusébio?" Inde, Eusébio, mwana wa m'komboni ya Mafalala ku Lourenço Marques, anagoletsa zigoli 9 pa mpikisano wa dziko lonse wa 1966, ndipo kapitao wa timuyo, Mário Coluna, analinso wa ku Mozambique. Koma mbendera imene inakwezedwa inali ya Portugal. Pamene Lisbon inali kuomba m'manja, a ku Mafalala anali kukhalabe m'nyumba za bango ndi malata, kunja kwa mzinda wa simenti. Mapazi a Eusébio anatengedwa monga thonje ndi kashu: cabwino cipite ku Ulaya, cikadziwike ndi dzina la eni combo.

TSAMBA LACINAI: MWAZI

Pa 16 June 1960 anthu a ku Mueda, ku dziko la Amakonde, anasonkhana pa boma kudzamva yankho la madandaulo ao. Yankho linali mfuti. Kuyambira tsikulo anthu anadziwa kuti kwa Salazar kulibe njira ya makalata ndi nthumwi. Frelimo inabadwa ku Dar es Salaam pa 25 June 1962, mtsogoleri wace Eduardo Mondlane, ndipo nkhondo inayamba pa 25 September 1964, mwezi umodzi ife tisanakweze mbendera yathu. Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi pa 3 February 1969. Samora Machel, amene anali wothandiza odwala m'cipatala, anatenga malo ace mu 1970.

Nkhondo italowa m'Tete mu 1968, asilikali a ufulu anali kudzera m'dziko lathu, ndipo ife tinalipira. Pa 30 June 1969 Apwitikizi anaponya mabomba pa mudzi wa Lote m'boma la Katete, ndipo mwezi wotsatira bungwe la citetezo la United Nations linawadzudzula poyera. Pa 16 December 1972 asilikali ao anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete, napha anthu pafupi-fupi 400, amai, nkhalamba ndi makanda. Ansembe ndiwo anasonkhanitsa umboni, ndipo Bambo Adrian Hastings anauulutsa m'nyuzi ya The Times ku London mu July 1973. Lisbon inakana, niiti mudzi wa dzina lotero kulibe. Mu September 2022 nduna yaikuru ya Portugal, António Costa, anaima ku Maputo napepesa cifukwa ca Wiriyamu. Tamvani bwino, abale: mwini mlandu wavomera, koma mboni yace ya m'komboni iri kukanabe!

Asilikali a Portugal, atatopa ndi nkhondo za mu Africa, anagwetsa boma lao pa 25 April 1974. Pangano la ufulu linasainidwa muno mu Lusaka pa 7 September 1974, ndipo Mozambique inamasuka pa 25 June 1975.

NANGA NKHONDO NDI UMPHAWI ZINADZA BWANJI?

Otsutsana nafe amati, "Cabwino, koma ufulu utafika dziko linagwa." Tiyankhe. Azungu ambiri anacoka mothamanga, ena ataononga makina ndi magalimoto posafuna kuwasiyira munthu wakuda. Madokotala otsala m'dziko lonse sanafike 100. Munthu akakumana maphunziro zaka zonsezi, nacoka usiku ndi makiyi, kodi ali ndi pakamwa ponenera kuti sudziwa kuyendetsa?

Mu March 1976 Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith kuti athandize a ku Zimbabwe, Beira nitaya malonda ace, monga ifenso tinavutika malire atatsekedwa mu 1973. Asilikali a Smith anapha othawa nkhondo ku Nyadzonia mu 1976 ndi ku Chimoio mu 1977. Akazitape a Smith analera Renamo, ndipo Zimbabwe itamasuka mu 1980 anaipereka m'manja mwa boma la tsankho la South Africa. Sukulu ndi zipatala za m'midzi zinatenthedwa, aphunzitsi anaphedwa, njanji zinaphwasulidwa. South Africa inacepetsa amuna olembedwa ku migodi, niletsa malipiro a golide mu 1978. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu ngati miliyoni atafa. Ena ngati miliyoni anathawira ku Malawi, ena zikwi tinawalandira ku Ukwimi, ndipo midzi yathu ya m'malire ku Chadiza, ku Katete ndi ku Petauke inalawako mfuti za Renamo. Machel mwini anafa pa 19 October 1986, ndeke yace itagwa ku Mbuzini, ali kucokera ku msonkhano ku Mbala kuno kwathu.

Onani damu la Cahora Bassa. Linayamba kumangidwa mu 1969, anthu zikwi nacotsedwa m'minda yao ya m'mbali mwa Zambezi kukaikidwa m'midzi ya mpanda. Mphamvu yace iposa mamegawati 2,000, koma nthambo inakokedwa makilomita 1,400 kupita ku South Africa, iri kudumpha pamwamba pa midzi younikira ndi nyali za palafini. Ufulu utafika, Portugal inagwirabe magawo 82 mwa 100 a damulo kufikira 2007, pamene Mozambique inalipira madola mamiliyoni 700 kuombola mtsinje wace womwe. Onaninso kashu. M'zaka zoyamba za m'ma 1970 Mozambique inali patsogolo pa dziko lonse pa mbeu iyi. Mu 1995 World Bank inaumiriza kuti kashu azituruka wosasenda, mafakitale natsekedwa, anchito zikwi, makamaka amai, nataya nchito. Inu a ku Luanshya ndi a ku Kabwe, kodi nyimbo imeneyi ndi yacilendo kwa inu?

SITIBISA ZA ATSOGOLERI

Cipani ca ufulu sicibisa njoka m'thumba cifukwa ndi ya m'mudzi mwathu. Frelimo inalakwa zambiri. Inakokera anthu m'midzi ya pamodzi osawafunsa, inanyoza mafumu ndi miyambo, inatsekera otsutsa m'misasa. Mu 1983 inagwira osowa nchito m'matauni niwataya ku Niassa, ndipo ambiri anafera komweko. Zimenezi zinapatsa Renamo anthu oitsata. Mu 2016 kunaululika ngongole yobisika ya madola pafupi-fupi mabiliyoni awiri, yotengedwa m'dzina la zombo za nsomba ndi zolonda nyanja, nyumba ya malamulo isadziwa. Ndalama ya metical inagwa, mtengo wa mkate unakwera, wosauka nalipira. Mwana wa pulezidenti wakale Guebuza anaweruzidwa zaka 12 ku Maputo mu 2022, ndipo amene anali nduna ya cuma, Manuel Chang, anapezedwa wolakwa ku New York mu 2024. Ku Moatize mabanja anasamutsidwa kuti malasha akumbidwe, ndipo mu January 2012 a ku Cateme anakhala pa njanji kuimitsa sitima cifukwa ca nyumba zong'ambika ndi minda youma. Ku Cabo Delgado, kumene kuli gasi, zigawenga zinayamba kupha anthu mu 2017. Masankho a October 2024 atatha, anthu mazana anafa m'miseu pa zionetsero.

Zonsezi ndi zoona, ndipo zitiwawa. Koma tayang'anitsitsani maonekedwe a matendawa: cuma cituruka, mwini nthaka asamutsidwa, ocepa adya, wodandaula aombedwa. Ameneyu ndi mwana wa prazo ndi wa cibalo, wangosintha khungu ndi suti. Mankhwala a mbala yakuda sangakhale kuitananso mbala yoyera. Ndipo pali kusiyana kumene olira goli safuna kukuona. M'masiku a Salazar, ndani akadaimika mwana wa bwanamkubwa pa bwalo la mirandu? Ndi nyuzi iti ikadalemba za ngongole yobisika? Ufulu ndi khasu loikidwa m'manja mwako. Munda ukapanda kulimidwa sitibwezera khasu kwa amene anali kutimenya nalo.

CIMENE SANATHE KUPHA

Zaka 477, mbalamatodya ndi kalata ya assimilado sizinaphe mtima wa anthu. Achopi a ku Zavala ali kuombabe timbila, mangolongondo akuru oimbidwa ndi gulu lathunthu, amene amuna ao anali kuomba ngakhale m'makomboni a migodi ya ku Joni. Mu 2005 UNESCO inalemekeza timbila pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndipo Guleyo analembedwa m'maina a maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Dambwe silidziwa malire. Amakonde ali kusemabe mitengo ndi kuvina mapiko. Maputo iri ndi marrabenta, gule wobadwira m'makomboni monga kalindula wathu. Amai ao avala capulana, ndico citenje. Adya xima, ndiyo nsima, ndi matapa, ndiye cigwada cotendera nsinjiro ndi ngole. Cipwitikizi comwe anacilanda nacisandutsa cida cao: José Craveirinha wa ku Mafalala analandira mphoto ya Camões mu 1991, ndipo Paulina Chiziane mu 2021. Maria Mutola anatenga mendulo ya golide ku Sydney mu 2000, ndipo nthawi imeneyo mbendera yokwezedwa inali ya kwao. Ngakhale m'kamwa mwathu muli mau amene anadzera kwa iwo: nsapato, kalata, zenera, mbendera, kapitao, kacasu. Cibale ndi pfupa, sicioola.

TICITE CIANI TSONO?

Coyamba, mukamva munthu ali kulira goli la Mpwitikizi, musamtukwane. Mfunseni mafunso atatu okha: ma assimilado anali angati mu 1950, golide wa amuna a ku Joni anapita kuti, ndipo nduna ya Portugal inapepesa ciani mu 2022. Muone ngati ayankha.

Caciwiri, m'bale wa ku Tete kapena ku Niassa amene mugwira naye nchito, kapena mai wogulitsa nsomba zouma pa msika, asachedwe maina onyoza. Alowe m'bungwe la anchito pamodzi ndi inu. Olemba nchito akondwa pamene osauka awiri akangana za malire, pakuti pamenepo malipiro a onse awiri amatsika. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Cacitatu, cimene cinaona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Malasha a ku Moatize ndi mkuwa wa ku Solwezi zifunsa funso limodzi: phindu lipita kwa yani? Tifune kuti mapangano a migodi ndi ngongole za boma ziwerengedwe poyera, m'zinenero zathu, zisanasainidwe. Ngongole yotengedwa mumdima imalipidwa ndi thumba la ufa la wanchito.

Cacinai, uzani ana anu za Mueda, za Lote ndi za Wiriyamu. Mtundu woiwala mabala ace umapsompsona cikoti.

A ku Mozambique ali ndi mau ao akuti A luta continua, ndiko kuti nkhondo ikali mkati. Nkhondo yao ndi yathu ndi imodzi, ndipo sitidzaimenya cobwerera m'mbuyo.

KWACA! NGWEE!